Mipata ya m'kaseti ya amayi

Bambo anga atabwera kudzakhala nafe kuno ku Indiana, m'chikwama chawo cha m'manja munalibe chilichonse chimene ndinawauza kuti atenge. Juzi anaisiya pampando kunyumba. Mankhwala a mtima anawaponya m'sutikesi yaikulu, ija yopita kumimba kwa ndege. Chimene anafungatira ulendo wonse, kuchokera ku Chileka mpaka ku Chicago, chinali kawailesi kakale ka kaseti kokulungidwa m'chitenje cha malemu amayi, ndi kaseti imodzi yopanda ndi chikuto chomwe. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinawakalipira pabwalo la ndege pomwepo, moni ndisanamalize kupereka. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndafika bwino, zikomo pofunsa."

Bambo anali wokonza mawailesi. Anali ndi tebulo pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika kuchokera ku Ndirande ndi kabokosi kawo ka zida. Ntchitoyi anaiyamba mawailesi akadali a mavalavu, aja oti ukayatsa uyambe wakasamba kuti afunde. Kenako kunabwera thiranzisita, kanthu kakang'ono ngati nyemba, ka miyendo itatu. Bambo ankakanena kanthuka monga ena amanenera tsiku limene anabatizidwa. Ankati ndi kamene kanatulutsa wailesi m'nyumba ya bwana n'kuipereka kwa munthu wapanjinga. Ife ana tinakamva mpaka kutopa nako, moti tikawaona akuyamba nkhani imeneyi aliyense ankakumbukira kuti sanatsuke mbale.

Ndisanayambe sukulu, bambo anapita ku Joni kukagwira ntchito yomweyo m'shopu ya munthu wina, ndipo anakhalako zaka zingapo. Amayi kulemba ankadziwa, koma ankati cholembera chimawachedwetsa pakamwa. Choncho ankajambula mawu awo pa kaseti n'kupatsira oyendetsa mathiraki. Makaseti amenewo anali ambiri, koma bambo atabwerera tinawajambulira nyimbo pamwamba, monga ankachitira aliyense masiku amenewo, kutseka timabowo ta pakaseti tija ndi kapepala. Inapulumuka imodzi yokha. Amayi atamwalira, bambo anaipeza pansi pa bokosi la zida, ndipo ndi imene inakwera nawo ndege.

Tinagwirizana kuti azikhala kwa achimwene anga ku South Bend. Achimwene ali ndi nyumba yapansi, pomwe ine ku Indianapolis ndimakhala m'mwamba mokwera masitepe, komanso ndine nesi wamashifiti osadziwika mutu wake. Loweruka limene ndinalibe ntchito ndinkadiraiva kupita kukawaona, msewu wowongoka wodutsa m'minda ya chimanga yosaoneka mapeto ake. Ndinkawapeza ali pawindo. Achimwene ndi alamu anga ankatuluka kusanache bwino kupita kuchipatala kumene amagwira ntchito, ana awo kusukulu, ndipo bambo ankatsala ndi nyumba yonse. Masiku oyamba anayesa kupereka moni kwa oyandikana nawo nyumba. Munthuyo anangokweza dzanja uku akulowa m'galimoto. Bambo anaima pakhonde ndi moni wawo wosatha, ndipo sanayeserenso.

Za kasetiyo ndinazimva ndekha m'mawa wina nditagona komweko. Ndinanyamula tiyi kupita kuchipinda chawo, ndipo ndili pakhomo ndinamva mawu a amayi. Kapu inatsala pang'ono kugwa.

"Abambo, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Kenako amayi anakhala chete. Munkangomveka kaphokoso ka shiii ka tepi, tambala akulira chapatali, ndi kupuma kwawo pafupi ndi wailesi. M'kachetechete mmenemo ndinamva bambo akuyankha, mawu awo enieni a m'mawa umenewo.

"Ndadzuka bwino, mayi, kaya inu ndi ana?"

"Ifenso tadzuka bwino, zikomo," anatero amayi, panthawi yake ndendende.

Amayi anga sakanatha kupereka moni n'kupitiriza kulankhula munthu asanayankhe. Kwa iwo umenewo unali mwano, kaya munthuyo wakhala pamphasa pomwepo kaya ali ku Joni. Ndiye pojambula kaseti ija, akafunsa funso ankadikira. Ankasiya mpata wokwanira munthu kuyankha, ndipo poti mwamuna wawo ankamudziwa, mpatawo unali wa msinkhu wa mayankho ake. Anawauza za denga limene linkadontha, za nsapato imene achimwene anataya kusukulu, za mwana wamng'ono amene chifuwa sichinkamuleka. Mwanayo ndinali ine, ndipo m'mipata ina ndinkamveka ndithu ndikutsokomola kumbuyo. Anawafunsa ngati akudya bwino, n'kudikira. Anawafunsa kuti, "Jekete lija mukuvala? Akuti kumeneko kumazizira," n'kudikiranso. Chakumapeto anati, "Chabwino, nenani zanu, ine ndikumva." Apo mpata wake unali wautali kuposa yonse. Ukatha, amayi ankati, "Ndamva zonse, abambo. Zikomo," ndipo batani linkalira kuti thapu.

Mu mpata wautali uja ndi mmene bambo ankathira moyo wawo wonse. Tsiku limenelo anawauza amayi kuti kwagwa sinowo wofika m'mawondo, kuti gologolo wina wakuba amabwera pawindo m'mawa uliwonse, kuti adzukulu awo amamva Chichewa bwinobwino koma amayankha ngati wailesi ya kunja. Anamaliza nkhani yawo amayi atangotsala pang'ono kunena kuti amva. Anali atazolowera kutalika kwa mpatawo monga phazi limazolowerera nsapato.

Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimalusa. Ndinakawapeza achimwene kukhitchini n'kuwauza kuti bambo mutu wayamba kusokonekera, tiwatengere kwa dokotala. Achimwene ndi munthu wosathamanga magazi. Anapitiriza kupaka buledi wawo n'kunena kuti, "Mutu wawo uli bwino kuposa wako, chemwali. Akudziwa kuti ndi kaseti. Koma m'dziko lonse lino, ndani wina amawafunsa kuti adzuka bwanji n'kudikira kuti ayankhe?" 

Chaka chimenecho mwana wanga wamkazi anayamba kuyunivesite ku South Bend komweko, kuphunzira za makompyuta, ndipo ankagonera kwa amalume akewo. Ndi wobadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chimene sukufuna kuti amve, koma pakamwa pake pankatuluka Chingerezi chokhachokha. Ndinkaganiza kuti iye ndi agogo ake azingodutsana m'khonde. Ayi ndithu, anagwirizana ngati akuba. Bambo ankalankhula Chichewa, iye n'kumayankha Chingerezi, onse akumvana, mitu itagundana pamwamba pa wailesi yotsegula. Anamuonetsa thiranzisita yeniyeni pansonga ya chala. Iye anawauza kuti m'foni yake muli tinthu totero mabiliyoni, tating'ono tosaoneka ndi maso. Bambo anaitembenuza foniyo uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi adzukulu a kanga aka. Nawonso sapereka moni."

Ndi mwana yemweyo amene anafufuza n'kupeza kuti wailesi yoyamba ya thiranzisita yogulitsidwa m'sitolo inapangidwira mu Indianapolis momwemo, m'zaka za m'ma 1950. Bambo atamva zimenezo sanatipatse mpumulo. Munthu amene ankakana kupita ngakhale kokagula zinthu anavala suti, tayi ndi chipewa, kuti timutengere kumeneko. Tinazungulira m'tauni masana onse, mwana akuwerenga pafoni, ine ndikudiraiva ndi kung'ung'udza. Malo enieniwo sindikudziwa ngati tinawapeza. Tinaima pamsewu wina wa nyumba zakale za njerwa ndi poimika magalimoto, ndipo bambo anatsika, navula chipewa, naima kanthawi mphepo ikuwomba tayi. Pobwerera tinadzera m'mashopu a ku Lafayette Road kukagula nsomba zouma. M'mawa mwake, titabwerera nawo ku South Bend, ndinawamva akuuza amayi kuti afika kumudzi kwa wailesi, koma eni mudzi sanawapeze.

Vuto linali lakuti kasetiyo inkatha. Bambo ankadziwa kuposa tonsefe. Ankaibweza ndi bolopeni kuti wailesi isaikoke, ndipo sabata iliyonse ankapukuta pamene tepi imadutsa ndi thonje lonyowetsa sipiriti. Tsiku lina anationetsa thonjelo, ine ndi mwana wanga. Linali lofiirira ngati lapukuta dzimbiri. Anatifotokozera kuti tepi ndi kapulasitiki kopakidwa fumbi lachitsulo, ndipo mawu amakhala m'fumbi limenelo mmene maginito analiyalira. Ikamazungulira, fumbi lina limatsalira panjira. "Awa ndi amayi anu," anatero, akuloza thonjelo. "Tsiku lililonse ndikawamvera, ndimawachepetsa pang'ono. Koma ndikapanda kuwamvera, ndiwasungira ndani?"

Mwana wanga ananena kuti akhoza kuwasamutsira mawuwo mu kompyuta, mmene sangathenso ngakhale uwamvere kangati. Bambo anakana kuti kaseti ituluke m'nyumba. Anati amayi sanagonepo kunja. Ndiye mwanayo anabweretsa kompyuta yake ndi kawaya m'chipinda momwemo, bambo atakhala pambali ngati mlonda, ndipo mawu anasamuka bwinobwino.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma mwanayo ankawakonda agogo ake, ndipo anafuna kuwapatsa mphatso yosalala. Anakhalira mawu aja masiku angapo akuwatsuka. Anachotsa shiii uja. Anachotsa tambala, mpopi wa madzi, ndi kamwana kotsokomola. Ataona malo aatali amene palibe akulankhula, anawadula, monga amachitira aliyense wokonza mawu masiku ano. Zoyamba zija, zaphokoso, anazidilita poti zinalibenso ntchito. Kenako anatitumizira tonse pafoni.

Ine ndinamvera ndili m'galimoto, poimika magalimoto pachipatala, shifiti isanayambe. Mawu anali oyera ngati amayi akhala pampando wapambali. Ndinalira mpaka ndinachedwa kulowa. Ndinamuimbira mwanayo kumuyamikira, ndinatumizira achibale kumudzi, onse anayamikira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika, chifukwa tonsefe tinkangomvera, sitinkayankha. Bambo okha ndi amene akanadziwa, koma iwo anakana kumvera za pafoni. Anati, "Sungani, mwachita bwino. Ine ndili nayo yanga."

Yawoyo inafa m'nyengo yozizira yotsatira. Inali itadukapo kale kangapo, iwo n'kumailumikiza ndi polishi wa zikhadabo wa alamu anga. Ulendo uno wailesi inaitafuna. Pofuna kuitulutsa, manja awo amene anali atayamba kunjenjemera anaikoka, ndipo inatuluka yopotana ngati matumbo a nkhuku. Achimwene anandiuza kuti anaikhalira tsiku lonse osadya, akuiwongola ndi chala pagalasi la tebulo. Ataibwezeramo, munangotuluka kubuula. Munthu amene anadzutsa mawailesi a Limbe yense analephera kudzutsa kaseti imodzi.

Ndinapita Loweruka lomwelo. Sindinade nkhawa kwambiri, ndinkati si tili nawo mawu pafoni. M'mawa mwake tinalowa m'chipinda chawo, ine ndi mwana wanga. Bambo anali atasamba, atapesa, atakhala pamphepete pa bedi monga mwa masiku onse. Mwanayo anaika foni patebulo pamene pankakhala wailesi, akumwetulira, n'kudina.

"Abambo, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Bambo anakoka mpweya. "Ndadzuka bwi..."

"Ifenso tadzuka bwino, zikomo."

Anatsala kukamwa kuli yasa. Amayi anali atafika kale padenga lodontha. Atafunsa ngati akudya bwino, bambo anayesanso, mwachangu, koma amayi anawapondereza n'kupitirira. Pa jekete sanayesenso. Ndinaona dzanja lawo likufinya bulangete. Kenako kunabwera kumene ndimakumvabe mpaka lero ndikatseka maso.

"Chabwino, nenani zanu, ine ndikumva. Ndamva zonse, abambo. Zikomo."

Foni inakhala chete. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali. "Amva chiyani?" anafunsa motsitsa. "Ine sindinanene kanthu."  Anatembenukira kuwindo n'kunena kuti, "Amayi anu sanandidulepo mawu. Chichotseni."

Kukhitchini ndinamutsanulira mwana wanga zonse zimene zinali m'kamwa mwanga, zoyenera ndi zosayenera. Iye ankangolira, akubwereza m'Chingerezi kuti ankaganiza kuti m'malo amenewo munalibe kanthu. Ndipo akanadziwa bwanji? Anakulira kuno, kumene moni amaponyerana akuyenda, wofunsayo ali kale pakona yankho lisanatuluke. Tili mkati mokangana, bambo anamuitana. Ndinamutsatira mpaka pakhomo. Anamukhazika pambali pawo n'kumugwira dzanja. "Usalire, mayi wanga. Ntchito yathu ine ndi iwe ndi imodzi, timachotsa phokoso. Ine ndachotsa phokoso moyo wanga wonse. Ukanandipatsa kaseti ya munthu wina, nanenso ndikanatero."

Mwanayo sanagonje. Anakabwezeramo mipata, kuyeza ndi kukumbukira kwa agogo ake, apa motalika, apa mofupika. Atawabweretsera, bambo anamvera moni, nafika pampata, natchera khutu. Munali zii. Munalibe tambala, munalibe kupuma, munalibe chilichonse. Anapukusa mutu. "Mmenemo mulibe munthu," anatero. "Poyamba paja ndinkawamva akudikira. Umu ndi m'nyumba yosamukamo." Anamuthokoza mwaulemu, ndipo sanapemphenso kuti awaikire.

Masabata otsatirawo ndi amene sindikonda kuwakumbukira. Bambo anasiya kumeta ndevu. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Kawailesi kaja anakakulunganso m'chitenje n'kukaika pansi pa bedi. Ukawafunsa kanthu ankayankha ndi liwu limodzi, mwina awiri. Mtima wawo unali wofooka kale, miyendo inkatupa, ndipo dokotala anawonjezera mankhwala, koma ine ndagwira ntchito ndi okalamba zaka zambiri ndipo ndimadziwa mmene munthu amaonekera akayamba kulongedza. Mwana wanga anaonda nawo limodzi. Ankabwera kuchokera kusukulu n'kukhala pansi pakhomo la chipinda chawo ndi mabuku, osalowa. Ndinkadiraiva kubwerera ku Indianapolis ndikutukwana kompyuta, foni, ndi aliyense amene anazipanga, ngakhale ndinkadziwa kuti popanda izo sitikanatsala ndi liwu ngakhale limodzi la amayi.

Lamulungu lina ena onse anapita kutchalitchi, ine ndinatsala nawo chifukwa ndinali ndi chimfine. Ndinakhala pampando m'chipinda chawo, iwo atagona chotembenukira kukhoma. Ndinawasowa amayi anga tsiku limenelo, ine mwini, osati chifukwa cha bambo. Ndinatulutsa foni n'kuika mawu aja motsitsa, aja odulidwa, poti ndi amene ndinali nawo. Amayi atafunsa kuti mwadzuka bwanji, sindinapirire kuwamvanso akudziyankha okha. Chala changa chinadina poimitsira. Ndinangokhala, foni ili m'manja, mphuno zikutuluka madzi. Chotenthetsera nyumba chinkalira kuti tiki tiki. Ndinatsokomola.

"Ndadzuka, mayi," anatero bambo, akuyang'anabe kukhoma. "Koma miyendo. Kaya inu ndi ana?"

Ndinadina. "Ifenso tadzuka bwino, zikomo," anatero amayi.

Tinapita choncho mpaka kumapeto. Pafunso lililonse ndinkaimitsa, bambo n'kuyankha, akamaliza n'kugwedeza mutu pang'ono kuti ndipitirize. Pa mpata waukulu uja analankhula nthawi yaitali kuposa imene kaseti inkawapatsa. Anawauza amayi kuti kaseti inaduka, kuti anayesetsa koma manja anawakana, kuti mdzukulu wawo ndi wanzeru ndipo asamuimbe mlandu. Amayi atanena kuti amva zonse, bambo anatembenuka n'kundiyang'ana, maso ali onyowa. "Chifuwa chako chija," anatero, "mpaka lero sichinathe?"

Kuyambira tsiku limenelo tinkasinthana. Achimwene ankayesa, koma iwo diso linkakhala pawotchi, ndipo bambo ankadandaula kuti amayi akakhala m'manja mwa mwana wawo wamwamuna amapupuluma. Ine ndinkagwira Loweruka ndi Lamulungu. Masiku ena onse anali a mwana wanga. Ankadzuka, kuwathandiza kukhala tsonga, kukhala pampando ndi foni pamiyendo, ndipo anaphunzira kudikira kuposa tonsefe. Sankayang'ana pafoni, ankayang'ana pakamwa pawo. Bambo anayambanso kumeta.

Sindinena kuti zinabwerera mwakale. Kale ankalankhula ndi mkazi wawo ali awiri, tsopano pankakhala wachitatu, ndipo zina ndikhulupirira anazimeza. Koma zina ankazinena dala kuti wogwira foniyo amve. Ndi mu mpata umenewo mmene tinadziwira kuti usiku amabanika akagona chagada, chinthu chimene anamubisira dokotala. Ndi mmenemonso mmene anauzira amayi, ine nditagwira foni, kuti ana awa akuganiza kuti sindikudziwa mmene ndilili, ndipo ikakwana nthawi asandisiye m'dziko la sinowo, akandiike pafupi ndi inu. Ndinkafuna kuwadula, kuwauza kuti asiye kulankhula zotero. Koma inali nthawi ya amayi yomvera, ndipo chala changa chinalibe chilolezo cholowererapo.

Sinowo atasungunuka, mitengo itayamba kuphukira, anawagoneka m'chipatala ku South Bend. Madzi anali atadzaza m'mapapo. Masiku oyamba ankayankhabe, mawu amodzi amodzi, ndipo anesi a kumeneko anazolowera kuti m'mawa asalowe mpaka foni itamaliza. Kenako mayankho anayamba kutalikirana. Tsiku lina anayankha moni wokha. Tsiku lotsatira anangogwedeza chala.

M'mawa womaliza tinalipo awiri, ine ndi mwana wanga. Achimwene anali atapita kunyumba kukasamba. Dzuwa linali litalowa pawindo mpaka pabulangete. Ndinamvetsera kupuma kwawo ndipo ndinadziwa, poti ndakumvapo kupuma kotero pa odwala a eni ake kambirimbiri. Ndinafuna kumuuza mwanayo kuti lero tisiye. Iye anali atatulutsa kale foni.

"Abambo, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Anaimitsa. Tinadikira. Bambo sanayankhe, maso ali otseka. Mwanayo anandiyang'ana, ndipo ndinamunong'oneza kuti kwathu wodwala akalephera kuyankha moni, amamuyankhira ndi amene akumudwazika. Ndinkatanthauza kuti ndiyankha ine. Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva Chichewa chopindikapindika, chimene ndinali ndisanachimvepo kuchokera pakamwa pamenepo.

"Agogo, sanadzuke bwino lero. Koma tili nawo."

Anadina, amayi anapitiriza. Atafunsa za kudya, mwanayo anati, "Sakudya, agogo. Amwa madzi pang'ono." Atafunsa za jekete, anawakonza bulangete paphewa n'kunena kuti, "Afunda." Kenako amayi anati, "Chabwino, nenani zanu, ine ndikumva," ndipo mwanayo anaimitsa. Apo sanawayankhire. Zimenezo zinali za agogo ake aamuna okha.

 Kunja kwa chitseko kunkadutsa kangolo ka chakudya. Bambo ankakoka mpweya, n'kukhala, n'kukokanso patapita nthawi. Milomo yawo inagwedezeka kamodzi, kaya ankalankhula kaya ayi, sindikudziwa ndipo sindinamizira kudziwa. Foni ikafuna kuzima, mwanayo ankaikhudza kuti iyake. Kenako bambo anakoka mpweya wina, nautulutsa, ndipo wotsatira sunabwere. Ndinawagwira pamkono, ndinawagwira pakhosi, monga mwa ntchito yanga. Ndinawatseka pakamwa.

"Basi, mwanangu," ndinatero. "Ukhoza kupitiriza."

Anapukusa mutu, misozi ikugwera pafoni. "Sanamalize," anatero.

Ndinakhala pambali pake, ndipo tinadikirabe, nthawi yaitali kuposa mpata uliwonse umene amayi anasiyapo. Ine wamtima wapachala sindinamufulumize. Pomaliza ndinaika chala changa pamwamba pa chake, ndipo tinadina limodzi.

"Ndamva zonse, abambo," anatero amayi. "Zikomo."